Mlongo Wanga Akumutcha Namaluwa

Lolemba, 3 Julho

Chisanu cha chaka chino n'chankhanza. Zala kuuma pa maikolofoni. Koma baraka yanga yoonetsera kanema yodzaza, mabenchi osakwana, ena kukhala pa matumba a kachewere. Kapitulu 19.

Novela ya ku China iyi yandikokera anthu kuposa mafilimu ankhonya aja. Ankhonya ndi a anyamata okha: munthu mmodzi kumenya gulu lonse, kuuluka pamwamba pa nsungwi, malaya osada n'komwe. Iyi yabweretsa amayi a pa Domwe pano, ngakhale a kwaya. Palibe zovula, palibe zopsompsonana, ukhoza kukhala benchi imodzi ndi apongozi ako osayang'ana pansi. Mwana akagwadira mayi ake, a kumbuyo kuja amvekere, "Awa ndiye anthu a mwambo." Vuto lake kutalika. Munthu kungomwa tiyi, theka la kapitulu latha.

Pamenepo ntchito ndi yanga. Iwo akulankhula Chitchaina, m'munsi mwa kanema mukuthamanga Chipwitikizi, ine ndikuwaika Chinyanja pakamwa. Pomwe pazizira ndimathira kamchere kanga.

Mayina awo amandipinda lilime, ndiye ndinawapatsa anga. Mfumu ndi Chindevu. Mkazi wake woyamba ndi Mayi Wamkulu. Wamng'ono, wa maluwa m'tsitsi uja, ndi Namaluwa. Lero Namaluwa amatakasa msuzi wa mwana wa Mayi Wamkulu, chithunzi n'kukhala pa dzanja lake nthawi yaitali. Mawu olembedwa panalibe. Chete wotero amagonetsa anthu. Ndinangoti, "Takasa bwino, Namaluwa, asaone chimene waponyamo." Baraka yonse phokoso.

Potuluka wina anauza Celina, mlongo wanga, "Tiyeni a Namaluwa." Anaseka nawo. Anthu anayamba kale kumutcha choncho poti ndi mkazi wachiwiri wa alamu a Gervásio, komanso duku lake la maluwa lija salisiya. Iye sadandaula. Akuti mu novela yonse wokongola ndi yemweyo.

Chingwe cha sipika chikufuna chatsopano.

Lachitatu, 5 Julho

Luís ali ku chipatala ku Ulongwe. Mwana wa a Vitória, mkazi wamkulu wa alamu. Zaka ziwiri zokha. Dzulo madzulo kusanza, thovu kukamwa, thukuta kuchita kuyenderera ndi chisanu chonsechi. Alamu anamuthamangitsa pa galimoto yawo ya kachewere, a Vitória atamufungatira.

Masana ake anadya phala kwa Celina. Si zachilendo. Nyumba ziwirizo mpanda umodzi, mwana amangodutsa, amadya kumeneko pafupifupi tsiku lililonse. Celina alibe wake, chaka chachitatu chino, ndiye Luís amamutenga ngati dzira.

Zita, mkazi wanga, wabwera ku mjigo nkhope itagwa. Akuti mayi wina anati, "Mwaona? Ngati mu novela muja." Wina n'kuyankha, "Wosabereka sakondwa ndi wa mnzake." Atamuona Zita onse anayamba kukamba za mtengo wa feteleza.

Ndinaganiza zosatsegula lero. Ndatsegula, anthu anali atafola kale. Kapitulu 21. Mwana wa Mayi Wamkulu gone pa bedi, milomo yakuda, asing'anga a mfumu atagwada mozungulira. Ndinamasulira zolembedwa zokha, osaonjezera kanthu. Palibe anaseka. Namaluwa akaonekera, mitu kutembenukira pa benchi yomwe amakhala Celina. Sanabwere.

Lachinayi, 6 Julho

Pa chitseko cha Celina wina wajambula mbale ndi sipuni, ndi khala. Wafufuta yekha ndi nsanza. Kupita ku mjigo, amayi kunyamula ndowa zosadzaza n'kumachoka.

Basílio, mchimwene wa a Vitória, wafika kuchokera kumudzi kwawo. Tsiku lonse mu msika, kufunsa uyu, kufunsa uyo. Sanandipatse moni.

Celina tamutenga, akugona kuno. Wangobwera ndi chikwama chimodzi ndi bulangete. Pa chakudya sanakhudze kanthu. Anati, "Achimwene, phala lomwelo ndinadya ine. Mphika umodzi, sipuni imodzi. Ndinkamupatsa iye, n'kudya ine, n'kumupatsanso." Ndinati ndikudziwa. Anati, "Inu mukudziwa, nanga awo?"

Ndaganiza kwambiri lero. Manovela awa ali ndi matenda amodzi: mulibe munthu amene amangodwala. Malungo mulibe, chibayo mulibe. Wina akatsokomola, pali amene wathira kanthu mu kapu. Mkazi akapita padera, ndi mkazi mnzake. Zimakoma kuonera chifukwa chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo mapeto ake amagwidwa. Anthu amwa zimenezi madzulo aliwonse kwa mwezi wathunthu, pakamwa powamwetsa ndi panga. Kunonso sitinasowepo pokayikirana. Novela yangotipatsa dzina ndi mbale.

Foni ya alamu ikungoitana.

Lachisanu, 7 Julho

Sindinatsegule. Ndalemba pa chitseko kuti makina awonongeka. Bodza.

Ndadzitsekera m'kati kuyambira m'mawa, kuonera makapitulu akutsogolo. Nthawi zonse ndimaonera imodzi yokha ya tsikulo, kuti nanenso ndizidabwa pamodzi ndi anthu. Lero ndathamangitsa. Kulira, kugwada, kulira, mvula, wina wagwada pa mvula, kuliranso. Zoti zikanatha pa makapitulu atatu iwo azikoka ngati chingamu.

Kapitulu 34. Namaluwa sanaponyemo kanthu. Ankatakasa kuti msuzi uzizire, mwana asapse pakamwa. Wothira anali wantchito wa amayi ake a mfumu. Wapezeka chifukwa mtsikana wina sanatope kufunsa: mbale inachokera kuti, ananyamula ndani, inaima pati. Apa ndiye ndimawavulira chipewa Atchainawa, amadziwa kukusocheretsa mpaka udane ndi munthu wosalakwa. Koma iwo sananene kuti waponyamo. Anangoonetsa dzanja. Wonena ndinali ine.

Mawa ndionetsa 34. Aone okha.

Zita akuti sizithandiza. Akuti anthu sakufuna novela tsopano, akufuna munthu.

Loweruka, 8 Julho

Zita ananena zoona.

Baraka inadzaza mpaka pakhomo. Nditangoyatsa, anthu anazindikira kuti zovala zasintha, mwana uja akuyenda. "Wadumpha bwanji?" Ndinati ingoonerani. Pofika pomwe wantchito akuulula, ndinamasulira liwu ndi liwu, pang'onopang'ono, ngati ndikuwerenga kalata ya Paulo ku tchalitchi.

Basílio anali kumbuyo. Sindinamuone polowa. Anaimirira n'kunena osakweza mawu, "Jeremias, Chitchaina umachidziwa iwe? Lolemba unatiuza kuti waponyamo. Lero ukuti sanaponyemo. Pakati apa chasintha n'chiyani, kupatula kuti mlongo wako wagwidwa?"

Ndinati zolembedwa zili apo, odziwa Chipwitikizi awerenge. Mnyamata wina wa ku sekondale anayamba kuwerenga mokweza, anthu anamukuwiza. Benchi imodzi yathyoka, sipika yagwa. Ena kufuna ndalama zawo, ndabweza osawerenga.

Basílio potuluka anaima pafupi nane. "Mwana uja akafa, usadzati sindinakuuze."



Lamulungu, 9 Julho

Ku tchalitchi ndapita ndekha. Benchi yanga inali ndi malo ambiri.

A sekeretariyu a dera lathu, omwe amaweruza milandu kuno, aitanitsa bwalo Lachitatu. Basílio akufuna Celina apite naye kwa sing'anga wina kutsidya la malire, akuti kumeneko zikaoneka. Ndakana. A sekeretariyu akuti tidikire mwini banja, alamu a Gervásio.

Mwini banjayo wayankha foni masana. Luís akupuma, akuti dzulo anatsegula maso. Ndinati alamu, kuno zinthu zaipa, akazi anu akuwaloza chala. Anati, "Ndili ndi mwana pano, alamu. Za akazi tidzakamba." N'kudula.

Sanafunse kuti Celina ali bwanji. Sanafunsenso kuti anathiradi kapena ayi. Munthu woti mwana wake ali pa bedi, akumva kuti mkazi wake ndiye wamupweteka, osafunsa? Zimenezi zandikhala pamtima.

Celina watsuka mbale zonse za m'nyumba, zoyera kale. Zita wangomusiya.

Lolemba, 10 Julho

Chapa cha m'mawa, minibasi ya ku Ulongwe. Fumbi, nkhuku pa miyendo, woyendetsa kuima paliponse.

Luís ndamuona. Kachubu pa mkono, wachepa thupi, koma maso akutsata munthu. A Vitória pambali pa bedi, milomo youma. Ndinawapatsa mabanzi ndi shuga, analandira ndi manja awiri osandiyang'ana. Anangofunsa, "Celina ali kuti?" Ndinati kwathu. Anagwedeza mutu.

Namwino wina atamva kuti ndine wachibale anandiitanira pa khonde. Anati, "Mukabwerera mukauze anzanu kumeneko, mankhwala opopera kachewere asamaike m'magarafa, mabotolo a zakumwa aja. Mwezi uno mwana uyu si woyamba." Ndinafunsa kuti akutanthauza chiyani. Anadabwa. Akuti tsiku loyamba lomwe anamva fungo pa malaya a mwana, anafunsa bambo ake, bambo ake anatchula dzina la mankhwala, n'chifukwa chake anadziwa jakisoni womubaya. "Akanabisa, bwenzi mutaika maliro."

Alamu ndinawapeza panja, atatsamira galimoto. Sanakane. Mankhwala otsala anawathira m'garafa la chakumwa chotsekemera, n'kuika kuseri kwa chitseko cha mosungira mbewu, kunyumba kwa a Vitória. Madzulo aja analipeza litagwa, chotsekera chili poteropo. Analiponya m'chimbudzi asananyamule mwana.

Ndinati ndiye mwakhala chete sabata yonse, mlongo wanga akumujambulira mbale pa chitseko.

Anati, "Alamu, Basílio mukumudziwa. Akamva andikhapa. Apolisi nawo abwera. Dikirani mwana atuluke, zizizira zokha. Celina ndidzamugulira chilichonse."

Ndinati sizikuzizira.

Anati, "Nyumba yanga ya baraka ija mwakhalamo zaka zingati osakukwezerani lendi? Tisaonongerane."

Pobwerera sindinaone njira.

Lachiwiri, 11 Julho

Ndawauza onse awiri m'mawa. Zita anagwira pakamwa. Celina sanalire. Anangoti, "Ndiye iwo akudziwa." Anabwereza kawiri. Kenako anatuluka kukakhala kuseri kwa nyumba, padzuwa, mpaka masana.

Khitchini yake ya udzu yapsa. Palibe anaona woyatsa. Miphika yakuda, mtondo wasanduka khala. Nyumba yaikulu yapulumuka poti ndi ya malata. Anzathu oyandikana nawo akuti ana asabwerenso kuno kudzasewera.

Mu novela munthu wodziwa chinsinsi amadikira makapitulu khumi, nyimbo ikulira, mpaka tsiku la phwando la mfumu. Akalankhula onse amagwada. Ine ndili ndi mawa lokha, ndipo garafa lili m'chimbudzi.

Baraka ndiye munda wanga. Kachewere sindilima. Ndinauza Zita choncho. Anati, "Pakamwa panu ndi pomwe panayatsa. Musandifunse ine kuti muzimitsa ndi chiyani."

Ndawaimbira alamu kuti alankhule okha mawa, zikhala bwino kutero. Sanayankhe. Ndatumiza uthenga. Wawerengedwa.

Lachitatu, 12 Julho

Bwalo pakhomo pa a sekeretariyu. Anthu ochuluka kuposa a mu baraka, nkhope zomwezo. Celina pa mphasa pakati, Zita pambali pake. Wina kumbuyo ananong'ona dzina lija, ena n'kuseka.

Alamu anabwera. Anayankhula nthawi yaitali: kuthokoza a sekeretariyu, kuthokoza Mulungu, mwana akupeza bwino, madokotala akufufuzabe, tisathamange. Za garafa ayi. Za Celina ayi.

Basílio anati galimoto yopita kwa sing'anga wapeza kale.

Ndinaimirira. Ine amene ndimalankhulira mfumu ndi akazi ake onse, mawu anakana kutuluka. Ndinayamba ndi zanga: kuti za kuponya mu msuzi zija ndinapeka ndine, mu novela munalibe. Kenako za namwino, za mankhwala a kachewere, za garafa kuseri kwa chitseko. Ndinati alamu ali apa, afunseni.

Basílio anati, "Iyi ndi kapitulu ingati?" Bwalo lonse kuseka.

A sekeretariyu anafunsa alamu. Alamu anayang'ana nsapato zawo. "Za garafa sindikuzidziwa. Mwina alamu anamva molakwa, Chipwitikizi cha ku chipatala n'chovuta."

Celina anatukula mutu n'kuwayang'ana amuna ake. Iwo sanamuyang'ane.

Chomwe ndapindula n'chimodzi: a sekeretariyu akuti palibe wopita kwa sing'anga mpaka mayi wa mwana abwere adzalankhule yekha. Basílio sanaseke nawo mpaka kumapeto. Ndinamuona akuwayang'anitsitsa alamu.

Pobwerera ndinadzera ku baraka. Loko watsopano pa chitseko. Kanema, sipika, maikolofoni, zonse m'kati.

Lachisanu, 14 Julho

Palibe chochita. Ndakonza mpanda. Ufa watsala pang'ono.

Mayi wina wa kwaya wandipeza pa msika: "Kodi novela ija muyambiranso liti? Muyambire pomwe munadumpha paja." Ndi mmodzi wa amene ananyamula ndowa ku mjigo.

Mwala umodzi pa denga masana. Celina sanadzidzimuke n'komwe.

Loweruka, 15 Julho

Luís watuluka.

A Vitória sanakwere galimoto ya amuna awo. Atsika chapa pa msika, mwana kumsana, n'kulunjika kuno osadzera kwawo. Basílio pambuyo pawo, pambuyo pa Basílio msika wonse. Zita atawaona patali anati nditseke chitseko. Ndinaima pakhomo.

Anaima pakati pa bwalo. "Odi. Celina alipo?"

Celina anatuluka yekha, kundidutsa. Anagwada poteropo. A Vitória anamasula nsalu, n'kumutsitsa mwana, n'kumuika m'manja mwake. Anati, "Sanadye chilowereni m'chapa. Muphikire phala, lako lija amalikonda."

Celina anakoleza moto panja pomwepo, machesi kuthyoka. Zita anabweretsa ufa womaliza uja. Palibe anachoka. Litapsa, a Vitória sanalawe n'komwe. Anangokhala pa mphasa n'kumaonerera mwana wawo akudya.

Kenako anatembenukira mchimwene wawo. "Achimwene, garafa lija ndinaliona ndi maso anga. Linali m'nyumba mwanga, chitseko ndinasiya chotsegula ndine, ndikuanika nyemba. Bambo ake anati ndikanena, anthu adzati ndine mayi wosasamala. Ndinaopa. Ndamva kuti mwatentha khitchini ya mwana wa eni."

Basílio anati sanatenthe iye. A Vitória anati, "Wotenthayo ali pompano."

Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense ngati wakumbukira ntchito. Wopepesa panalibe. Basílio anatsala, chipewa m'manja. Kenako anafunsa komwe kuli alamu. A Vitória anati, "Mukawakhudza, ine si mlongo wanu. Mwana wachira. Zakwana."

Atapita onse ndi pomwe Celina analira. Kulira kwenikweni, kopanda nyimbo kumbuyo.

Lolemba, 17 Julho

Alamu atumiza munthu m'mawa ndi kiyi wa loko uja. Uthenga wake: nditsegule baraka, miyezi itatu ndisalipire, khitchini amanga ya njerwa, Celina abwerere kunyumba lero. Zonse mu mpweya umodzi.

Ndinamuuza Celina momwe uthenga wabwerera, osaonjezera, osachotsera. Anati, "A Vitória anaopa, ndawamva. Amuna anga aja anandiona ndili pa mphasa, anthu akundiseka, n'kunena kuti sakudziwa." Akupita ku Dedza kwa azakhali, aja anatsalira komweko nkhondo itatha. Mawa m'mawa, kudzera pa malire a Kalomwe. Duku lija wapatsa Zita, Zita walikana, lili pa mpando.

Ndinati Celina, undikhululukire, mawu aja anali anga. Anati, "Ndinaseka nawo tsiku lija, achimwene. Gwirani apa ndimange."

Kiyi wakhala pa tebulo tsiku lonse. Ndikamutenga, ndiye kuti ndavomera zonse, ndipo mawa adzati mlamu wawo wadya koma mkazi sanabweze. Ndikamubweza, kanema ndi sipika ndikazitenga bwanji, ndikaziika kuti, sindikudziwa. Zita akungosesa pomwe wasesa kale.

Galimoto ya alamu yaima pa msewu. Injini sanazimitse, sakutsika. Celina akupitiriza kumanga mtolo, sanatukule mutu.

Kiyi ndamutenga. Ndikukawabwezera pa windo la galimoto.